Fomu ya Pensulo ndi Fomu ya Inki

Sabata yatha tinavundukula chiliza cha a Benedikito Mbewe, amene pa boda ya Mchinji pano aliyense ankangowatchula kuti a Kalaliki. Ine ndi amene anandisankha kuti ndilankhule m'malo mwa ana onse amene bambowa anawathandiza kupita ku yunivesite. Ndinalankhula ndithu, anthu n'kumagwedeza mitu. Koma m'chikwama chimene ndinapanira kukhwapa tsiku limenelo munali mapepala osonyeza kuti a Kalaliki anandinamiza kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo si ine ndekha. Funso linali limodzi: anzangawo ndiwauze, kapena ndiwasiye azilira munthu wabwino amene ankamudziwa? Ndikulemba mtima udakali kuwawa, ndiye wofuna mbiri yosalala ya malemu akafunse ena.

Anali munthu wamfupi, wadazi, wovala tayi ngakhale mu Okutobala pamene phula la pa geti limachita kumata nsapato. M'thumba la malaya awo munkakhala zolembera zitatu ndi pensulo, ndipo palibe amene ankayerekeza kubwereka. Sukulu analekezera Fomu 2, koma zilembo zawo, abale, zinkakhala ngati zatuluka m'makina. Kwa zaka zambiri ankagwira ntchito yolembera amalonda mapepala a katundu wodutsa pa kasitomu. Ankakonda kunena moseka kuti ntchito imeneyo inawaphunzitsa chinthu chimodzi: katundu ukamulemba mtengo wake weniweni amagona pa geti sabata yathunthu, koma ukamutsitsa pang'ono amadutsa tsiku lomwelo. Atapuma pantchito sanabwerere kwawo ku Guilleme kukalima mtedza monga anzawo. Anapempha malo pakhonde la sitolo yogulitsa matayala, n'kuikapo tebulo ndi mipando iwiri, wawo woyang'ana ku geti, wa mlendo woyang'ana kukhoma. Tinkawaseka kuti akuopa kuti boda ithawa akapanda kuiyang'anira.

Kwathu kuno anthu ankadziwa njira imodzi yokha yosankhidwira sukulu. Mwana akalemba mayeso a Sitandade 8 amangokhala pakhomo, dzina lake n'kutuluka lokha kuti wapita ku sekondale yakuti. Ndiye makolo ankaganiza kuti za Fomu 4 zimayendanso chimodzimodzi. Mwana wa pa sekondale yoyendera ankatha kukhoza bwino kuposa ana a sukulu zogonera za m'tauni, n'kukhala chaka chathunthu akudikira dzina lake pa wailesi, osadziwa kuti ku yunivesite munthu amachita kufunsira malo polemba fomu, ndipo tsiku lotsekera linadutsa kalekale iye ali kumunda. A Kalaliki ankati akaganiza za ana otere chakudya sichitsika pakhosi. Zotsatira za mayeso zikangotuluka ankakwera njinga kuzungulira midzi mpaka ku Dambe, kufunsa pa chigayo, pa mjigo ndi pa tchalitchi kuti wakhoza ndani kuno.

Ine anandipeza ndikupalira chimanga. Bambo anga anali atapangana kale ndi azakhali kuti ndizikawathandiza kugulitsa kaunjika kutsidya ku Zambia, ndipo anawauza a Kalaliki kuti mwana wamkazi wafika Fomu 4, kwatha, enanso akufuna kuphunzira. A Kalaliki anabweranso kachiwiri, bambo anawakaniza mpando. Ulendo wachitatu anabwera atamangirira mpando wawo pa keliyala, n'kuukhazika pakati pa bwalo lathu, ati lero sakuvutitsa munthu ndi za mipando. Anakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa, akuwerenga nyuzipepala. Anthu opita ku mjigo anayamba kuima n'kumafunsa kuti kwagwanji. Bambo anagonja chifukwa cha manyazi, osati chifukwa chomva mfundo.

Kalembedwe kawo ka fomu kanali ndi lamulo lake, ndipo lamulo limeneli ndikufuna mulimvetse bwino. Pa fomu mwana amandandalika maphunziro amene akufuna, kuyambira amene mtima wake ulipo mpaka omaliza ongodzazira mzere. A Kalaliki ankakonza mafomu awiri a mwana aliyense. Yoyamba unkalemba wekha ndi pensulo, iwo ali pambali kukufunsa mafunso ndi kukufufutitsa. Pa mzere womaliza ankakukakamiza kuti ulembepo uphunzitsi kapena zaulimi, ati pothawira mvula. Ukamaliza ankatulutsa fomu yachiwiri yoyera, kukulozera pansi posayina, n'kunena kuti zotsalazo akopera okha ndi inki, chifukwa zolemba zathu zinali ngati papalasa nkhuku ndipo akuluakulu a ku Lilongwe alibe nthawi yowerenga zonyansa. Kenako ankapita nayo okha ku positi ku boma. Palibe amene ankaona chachilendo. Munthu woti wakupalasira njinga mtunda wonsewo, ungamukayikire pa chiyani?

Anawakayikira mwana mmodzi yekha, Tadala, zaka zitatu zapitazo. Nthawi imeneyo n'kuti ine ndili kale mphunzitsi wa sayansi pa sekondale yoyendera yomwe ndinaphunzirapo, ndipo chaka chilichonse ana anga okhoza bwino ndinkawaperekeza ndekha pakhonde paja. Tadala anali wa ku Dambe, mwana wa mayi wolima mtedza, wosalankhulalankhula koma wamakani zedi. Ya pensulo analemba bwinobwino, udokotala pamwamba. Atamupatsa yoyera ija kuti asayine, anaika cholembera pansi.

"Agogo, pepala lopanda kanthu ine sindisayina," anatero. "Mayi anga anadinda chala papepala lotere, dimba lathu linapita."

Sindinaonepo a Kalaliki atakwiya ngati tsiku limenelo. Anaimirira mpaka mpando kugwa. Anamufunsa ngati akuwayesa wakuba. Anati iwo anayamba kutumiza ana ku yunivesite iye asanabadwe, ndipo udokotala si wa mwana amene maikulosikopu anangoiona yojambulidwa ndi choko pabolodi. Osintha ndalama anasiya makasitomala awo kudzaonerera. Tadala sanakweze mawu. Anangopempha kuti akopere yekha ndi inki, pang'onopang'ono, iwo akuona. Anakana, n'kumuuza kuti atenge pensulo yake azipita.

Ndipo ine, mphunzitsi wake, ndinakhala mbali ya a Kalaliki. Ichi ndiye chimandiwotcha mpaka lero. Ndinamukalipira mwanayo njira yonse yobwerera, kuti alibe mwambo, kuti wanyoza munthu wamkulu pagulu, kuti mawa akagwade. Sanapite kukagwada. Anapalasa njinga mpaka ku boma n'kukalemba fomu yake pa kompyuta pa kashopu kena, poti masiku ano zimathekanso choncho. Mayina atatuluka, Tadala anali pa mndandanda wa udokotala. Ndinakwera kabaza kuthamangira pakhonde kukawauza a Kalaliki, ndikuganiza kuti asangalala ngakhale anakangana. Anandimvetsera mpaka ndamaliza, anavula magalasi, n'kunyamuka dzuwa lili pamutu. Masiku atatu pakhonde panalibe munthu. Ine ndinkangoti ndi manyazi a munthu wamkulu amene wagonja kwa mwana.

Za ine sindinena zambiri. Nanenso pa fomu yanga ya pensulo ndinalemba udokotala pamwamba, uphunzitsi pansi penipeni monga anandilamulira. Ndinali nditakhoza ndi mapointi amene sekondale yathu inali isanawaonepo. Mayina atatuluka ndinapezeka pa uphunzitsi. Ndinakalira kuseri kwa sitolo, pa mulu wa matayala akutha. A Kalaliki ananditsatira, anandipatsa mpango wawo, n'kundiuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Anati malo a udokotala ndi ochepa ndipo amadzaza ndi ana a sukulu zogonera, ine ndithokoze kuti geti lina latseguka. Ndinakhulupirira. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziwa kuti akuluakulu aja anaona fomu yanga, anandiyeza, n'kundipeza woperewera. Choipa kwambiri n'chakuti nzeru yomweyo ndinkaiphunzitsa ana anga m'kalasi, kuti mwana wa sukulu yoyendera asamalote zopitirira msinkhu wake.

Kunena chilungamo, zina zimene anatichitira sizinali zabodza ayi. Ankati kulowa ku yunivesite n'kosavuta, chovuta ndi kukhalako. Sabata yoti unyamuke ankapita nawe ku chimbudzi cha mu ofesi ina ya pa boda kukakuonetsa kugejemula, iwo ataima pakhomo ndi tayi yawo, ati sakufuna mwana wawo akathawe madzi anthu akuona. Ankakutuma kukafunsa nthawi kwa munthu wovala yunifolomu, uli chiimire, ukumuyang'ana kumaso, ndipo ukagwada ankakubweza kuti ukafunsenso. Ankakuwerengetsa nyuzipepala ya Chingerezi mokweza pamaso pa madalaivala a mathiraki odikira mapepala awo, anthu osekera chilichonse, kuti manyazi athere pompano. Ulendo wa ku Lilongwe ankakupemphera kwa dalaivala yemwe akumudziwa mpaka mkazi wake, ndipo ankalemba nambala ya thiraki m'kabuku dalaivalayo akuona. Mwana wamkazi sankamukweza yekha.

Ukafika kumeneko sankakuiwala. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri dalaivala wina ankakuimbira kuti ukatenge botolo la chiponde ndi kalata. Kalatayo inkakhala ndi funso lomwelomwelo, lakuti ndi phunziro liti limene likukumenya, ndi malamulo omwewo: ukhale kutsogolo, ukagogode pa ofesi ya mphunzitsi wako ngakhale miyendo ikunjenjemera, usabise ukalephera. Mawu omalizawa ankawalemba mzere kunsi kwake. Ngakhale Tadala chiponde chake chinkamufika, chopanda dzina la wotumiza. Atalephera phunziro lina chaka choyamba n'kulembanso mayeso obwereza, kalata inabwera yomuuza kuti kubwereza si imfa. Pano ali chaka chachitatu, akuvutika koma alipo.

Anamwalira chaka chatha, atagwa pakhonde pomwepo m'mawa akupukuta tebulo. Maliro ake anali aakulu, mathiraki anaimba mahutala pa geti thupi likudutsa. Ine ndinalira ngati ndataya bambo wondibereka.

Mwezi watha mkazi wawo, a Nabanda, anandiitana kunyumba. Anati chiliza chayandikira, ndipo akufuna mayina a ana onse awerengedwe pamwambo, koma iwo sadziwa kuwerenga. Ananditulutsira bokosi lachitsulo la malemu n'kundiyalira mphasa pabwalo. Munthu amene wagwira ntchito ya mapepala sataya pepala. M'bokosimo munali mafomu a ana 41, aliyense awiriawiri omanidwa ndi pini: ya pensulo pamwamba, fotokope ya fomu ya inki imene inatumizidwa pansi. Ndinayamba ndi kufunafuna yanga, monga angachitire aliyense. Ndinamwetulira poona zolemba zanga za nthawi imeneyo, zopendekera ngati mpanda wakale. Kenako ndinatembenuza.

Pa ya inki, mzere woyamba panali uphunzitsi. Wachiwiri, uphunzitsi wa mtundu wina. Udokotala panalibe pena paliponse. Ndinawerenga katatu, ndikuganiza kuti mwina pini yamana mapepala a anthu awiri osiyana. Koma dzina linali langa, ndipo pansi panali siginecha yanga. Palibe amene anandikana. Fomu yofunsira udokotala sinachoke n'komwe pa boda pano, inali m'bokosi muno zaka zonsezi. Ndinatsegula ena onse mmodzimmodzi, ndipo ndinapeza kuti otere tinalipo 17, kuphatikizapo ine. Aliyense amene analemba udokotala, uinjiniya kapena zamalamulo, a Kalaliki anamutsitsa. Ambiri mwa omalizirawo anali ana anga, amene ndinawagwira dzanja ndekha kukawapereka pa tebulo lija. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira nthabwala yawo ya katundu wogona pa geti, ndipo sinandisekense.

A Nabanda anali pakhonde akuswa mtedza. Ndinapita ndi mapepala anga awiri n'kuwafunsa ngati ankadziwa. Sanafunse kuti chiyani.

"Kuwerenga sindidziwa, mwanangu, koma ndinkadziwa," anatero. "Tsiku lokopera mafomu bambo anu sankadya."

Kenako anandiuza za Fanuelo, dzina limene ndinali ndisanalimvepo pakamwa pa a Kalaliki. Anali mwana wa mlongo wa a Kalaliki, ndipo ndiye woyamba kumuthandiza, kalekale adakali pantchito. Mnyamatayo ankafuna uinjiniya, amalume ake anamulembera uinjiniya womwewo, ndipo anamutenga. Mudzi wonse unamuperekeza ku siteji, kwaya ya ku tchalitchi ikuimba, mayi ake akuvina ndi chitenje m'manja. Kumeneko anakapeza anzake oti zida za mu labu anazizolowera ali Fomu 1, iye asanagwirepo n'chimodzi chomwe. Sanauze munthu kuti zikumukanika. Chaka chitatha anamuchotsa, kumene ana a ku koleji amati kuwidedwa. Kumudzi sanabwerenso. Mayi ake anamwalira osamuona, ndipo asanamwalire anauza a Kalaliki pamaso pa abale kuti iwo ndi amene anamukweza mwanayo mumtengo n'kuchotsa makwerero. Patapita zaka kunamveka kuti Fanuelo akuyendetsa thiraki ya kampani ina, ndipo nthawi zina amadutsa pa geti lomweli osayang'ana kumbali. A Nabanda anati n'chifukwa chake mpando uja unkayang'ana ku geti.

Anandigwira mkono n'kundipempha kuti mapepalawo tiwatenthe. Anati ana onse aja ali pantchito, akudya, palibe anawidedwa, nanga cholakwa chili pati. Anati wakufa sadziyankhira, ndimusiye mwamuna wawo agone ndi dzina lake.

Nkhani ya Fanuelo inandimvetsa chisoni, sindikana. Koma sinandichotse mkwiyo. Mwina akuluakulu aja akanandikanadi. Mwina ndikanapita n'kukawidedwa ngati iye. Koma kukanako kukanakhala kwawo, kulepherako kukanakhala kwanga. A Kalaliki akanatha kundikhazika pa mpando uja n'kundiuza za mwana wa mlongo wawo, kundiopseza mmene angathere, kenako n'kundipatsa cholembera. M'malo mwake anandisayinitsa pepala loyera, ndipo nditalira anandipatsa mpango. Mpango umenewo ndi umene sinditha kuwakhululukira.

Pali chinanso chimene ndinachiona m'bokosimo. Mafomu a zaka ziwiri zomaliza, Tadala atasankhidwa, onse ndi ofanana, pensulo ndi inki. Ndiye kuti anadziwa kuti analakwa, n'kusiya. Koma sanabwerere kwa ife 17 kukatiuza, chonsecho ena anali adakali ndi mpata wofunsiranso malo. Ndikukumbukira tsiku limene anabwerera pakhonde atatha masiku atatu aja. Ndinapita kukawazonda. Anandiyang'ana n'kufunsa:

"Aphunzitsi, kodi ntchito yanuyi mumaikonda?"

"Ndinaizolowera, bambo," ndinayankha.

Anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu. Nthawi yomweyo thiraki ina inaimba hutala pa geti, iwo anatembenuka kukaiyang'ana monga mwa masiku onse, nkhani n'kuthera pomwepo. Anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri, tikuonana pafupifupi sabata iliyonse, akundifunsa za ana anga ndi za chimanga changa.

Mapepala aja sindinawatenthe. Ndinawaika m'maenvulopu, lililonse dzina lake, n'kupita nawo ku chiliza osadziwa chimene ndikachite. Pamwambo ndinanena zoona zokhazokha: za njinga, za mpando wa pa keliyala, za chiponde. Ndinawerenga mayina onse 41. Titatsika kumanda anandipeza Yosefe, amene pano ndi mlangizi wa zaulimi. Ali mnyamata ankakonza mijigo ndi mawailesi a mudzi wonse, ndipo fomu yake ya pensulo inali ya uinjiniya. Maso ake anali ofiira. Anandithokoza chifukwa cha mawu anga, n'kuwonjezera kuti:

"Uinjiniya unandikana, achemwali, koma bambowa sanandikane."

Envulopu yake inali kukhwapa kwanga. Mumtima ndinati ayi, munthuyu ali ndi mtendere, ali ndi banja, ndimupwetekerenji? Ndimudziwa, sangazisenze. Ndinatsala pang'ono kumusiya apite. Kenako ndinamva bwinobwino zimene ndinali kuganizazo, ndipo ndinachita mantha, chifukwa anali maganizo omwewo a a Kalaliki, akuti ine ndikudziwa chimene mwana uyu angasenze, iye asadziwe. Ndinatsala pang'ono kukhala pa mpando wawo.

Chakudya chisanagawidwe ndinaitanira pambali anzanga onse amene anabwera, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba.

"Mafomu anu alipo, awiriawiri," ndinawauza. "Ena mwa inu, zimene munalemba si zimene zinatumizidwa. Wofuna kuona yake andipeza pakhonde paja Loweruka. Wosafuna, palibe mlandu."

A Nabanda anali chapafupi akugawa mbale, ndipo anamva. Anandiyang'ana kamodzi n'kutembenuka. Potsanzika ndinawapatsa moni, sanandiyankhe, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Loweruka lake linali dzulo. Ndinakhala pakhonde kuyambira m'mawa, pa mpando wa mlendo. Wina anandiimbira foni kunditukwana kuti ndikufukula wakufa. Ena awiri anatumiza uthenga kuti sakufuna kuona. Anabwera asanu ndi mmodzi, ndipo woyamba anali Yosefe, pa njinga yamoto ya kuntchito. Anawerenga ali chiimire, ya pensulo kenako ya inki, n'kubwereranso ku ya pensulo.

"Ndiye kuti sanandikane?" anafunsa.

"Sanaione n'komwe," ndinatero.

Anapinda mapepalawo bwinobwino, kuwaika m'thumba la malaya, n'kukhala kanthawi akuyang'ana mpando wa a Kalaliki. Kenako anatembenuka kuti azipita. Poliza njinga ija inamuvuta kangapo, chifukwa phazi linkaphonya.

Mwini sitolo wandiuza kuti mwezi ukatha akufuna malowo aikepo matayala. Pakadali pano zonse zili mmene anazisiyira. Tebulo lili pompo, mwendo umodzi uli pa kachidutswa ka katoni. Pa msomali wa pakhoma pakulendewera chingwe cha pensulo, pensuloyo yatsala ngati chala cha mwana. Mpando wawo udakayang'ana ku geti, ndipo ngakhale osintha ndalama akatopa amakhala pansi, pamenepo ayi. Mwala umene ankapsinjira mapepala ndaupsinjira envulopu ya Fanuelo. Yake ndinaipeza pansi penipeni pa bokosi, pensulo ndi inki zofanana ndendende. Mathiraki amandanda mpaka kukhota, ndipo dzulo ndinadzipeza ndikuyang'ana nkhope ya dalaivala aliyense, chonsecho munthuyo sindimudziwa.

Pochoka, fomu yanga ya pensulo ndinaibweza m'chikwama, ndi yanga imeneyo. Ya inki ndinaisiya patebulo kutsogolo kwa mpando wawo. Ndi yaukhondo kwambiri, zilembo zake zoongoka ngati za makina, ndipo papepala lonselo dzanja langa lili pansi pokha, posayina.